Kodi Mmwenye Ndani?

M'mwezi wa Shaaban chaka chatha, mtsikana wina wa zaka 9 analeka kubwera kumadrasa kwathu ku Bangwe. Anali mwana wogwira mutu, ndipo anali atatsala pang'ono kumaliza Juzu Amma. Sabata yoyamba tinkayesa malungo. Itadutsa yachiwiri tinafunsa anzake, ndipo mnyamata wina anayankha mopanda kuganiza kawiri kuti, "A Mwalimu, kamwenye kaja kakuti sikabweranso." Tinatsegula pakamwa kuti timudzudzule, koma mawu anatithera kukhosi. Tinali titamva bwinobwino amene akumunena, chifukwa nafenso, pokambirana ndi aphunzitsi anzathu za ana amene akuchita bwino, tinkamutchula ndi dzina lomwelo.

Bambo a mwanayu anachokera ku Pakistan, anagwira ntchito m'sitolo ina ku Limbe kwa zaka zingapo, kenako anapita osabweranso. Mayi ake ndi Myao wa ku Makanjira. Mwanayo sanakwerepo ndege, sadziwa liwu ngakhale limodzi la Chiurdu, amalankhula Chiyao kunyumba ndi Chichewa panjira, ndipo amadya nsima ya usipa monga timadyera tonse. Komabe kwa anzake, kwa aneba ndi kwa ife aphunzitsi ake, anali mmwenye. Kuyambira tsiku limenelo takhala tikudzifunsa kuti tikamatchula mawu amenewa timakhala tikunena chiyani kwenikweni, ndiponso ngati Msilamu ali ndi chilolezo chowatchula mmene timachitiramu.

Mwana wa sukulu mukamufunsa, ayankha kuti mmwenye ndi munthu wa ku India. Koma yendani m'misewu ya ku Limbe muone anthu amene timawathira m'thumba limodzi la dzinali. Muli Mmemoni amene makolo ake analowa m'dziko muno kudzera pa Chinde ndi Chiromo njanji isanafike ku Blantyre mu 1908, ndipo manda a banja lake ali konkuno mibadwo inayi. Muli Mhindu wa ku Gujarat amene sadya nyama ya ng'ombe, Msikh wa nduwira kumutu, ndi Mkatolika amene kwawo kunali ku Goa. Mulinso mnyamata amene wafika dzana kuchokera ku Karachi kapena ku Lahore, wina wa ku Bangladesh, mwinanso Mlebanoni amene ndi Mwarabu ndithu. Anthu amenewa zinenero zawo n'zosiyana, mapemphero awo n'ngosiyana, ambiri sakwatirana, ndipo maiko a India ndi Pakistan amenyana nkhondo kangapo chigawanikire mu 1947. Munthu wa ku Lahore mukamuuza kuti ndi wa ku India mwamulakwira. Ife tonsewa timangoti amwenye.

Inu a kunyanja muli ndi mwayi pa nkhaniyi, chifukwa mawuwa mumawamva tsiku ndi tsiku ali ndi tanthauzo lina. M'Chiyao, mwenye ndi mfumu. M'Chiswahili, mwenye ndi mwini, ndipo n'chifukwa chake agogo athu amene anaphunzira Chisilamu m'chinenero chimenechi ankatchula Allah kuti Mwenyezi Mungu, Mulungu Mwini mphamvu. Kugombe la nyanja yamchere, mwinyi linali dzina laulemu la munthu wamkulu, mwini malo. Ma Jumbe amene analamula ku Nkhotakota pambuyo pa Salim bin Abdallah ankadziwika ndi maina monga Mwinyi Kisutu ndi Mwinyi Kheri, ndipo dziko la Tanzania linalamulidwa ndi Ali Hassan Mwinyi kuyambira 1985 mpaka 1995. Ku Zimbabwe, anthu a mtundu wa Aremba a ku Mberengwa, amene sadya nkhumba ndipo amachita mdulidwe, amatchedwanso VaMwenye, chonsecho ndi anthu akuda ngati ife. Ku Mozambique, mawu omwewa analowa m'Chipwitikizi n'kukhala monhé, ndipo kumeneko anafika posanduka chipongwe chenicheni chonenera amalonda ochokera ku India.

Njira imene mawuwa anadzera ikuoneka. Poyamba anali ulemu woperekedwa kwa mlendo wamalonda wa kugombe, wovala mkanjo, wobwera ndi nsalu ndi mikanda. Atafika amalonda a ku India, ambiri a iwo Asilamu, atavala mofanana ndipo akugulitsa zomwezo, dzinalo linawagwera, ndipo pang'onopang'ono linakhala lawo okha. Tikaona chiyambi chimenechi, mmwenye silinali dzina la dziko, la khungu kapena la chinenero. Linali dzina la malo amene munthu waima: mwini katundu, amene ali kuseri kwa kauntala pamene ife tili kutsogolo kwake ndi ndalama m'manja. Tanthauzo limeneli silinafe. Likadali pansi pa lilime lathu. N'chifukwa chake munthu akatsegula golosale n'kuyamba kuwerengetsera tambala iliyonse timati wasanduka mmwenye. Ndipo n'chifukwa chake dzinali likagwera mwana wa ku Bangwe amene mayi ake amagulitsa mandasi kuti apeze ya lendi, limamusenzetsa chuma chimene alibe ndi milandu imene sanapalamule.

Mbiri inathandiza kuumitsa mawuwa. Kwa anthu ambiri a kumwera kwa nyanja, anthu oyamba a ku India kuwaona sanali amalonda. Anali asilikali pafupifupi 70 amene Harry Johnston anabwera nawo mu 1891, ambiri Asikh ndipo ena Asilamu, motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire, amene anaphedwa kumapeto kwa chaka chomwecho polimbana ndi anthu a Makanjira. Dzina la Fort Maguire likadalipo kumeneko. Johnston ankafuna dziko limene azungu azilamula, anthu a ku India azitukula malonda, ndipo anthu akuda azigwira ntchito, ndipo boma la atsamunda linaumba moyo wonse motsatira magulu atatu amenewa: sukulu zosiyana, malo okhala osiyana, malipiro osiyana. Ngakhale zinali choncho, agogo athu ankamudziwa mwini sitolo wa pa boma kapena wa pamsika wa kwawo. Ankalankhula naye Chiyao kapena Chinyanja, ankadziwa ana ake, ankamupatsa dzina lamasewera, ankakongola mchere kwa iye poyembekezera kugulitsa nsomba. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr. Kamuzu Banda linalamula amalonda amenewa kuchoka kumidzi n'kukakhala m'mizinda ikuluikulu yokha. Ambiri anasamukira ku Britain, makamaka mumzinda wa Leicester, ndipo otsala anadzaza ku Limbe, ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Masitolo a makonde aatali amene mumawaona atagumuka m'malo ena a malonda kunyanja ndi mboni ya nthawi imeneyo. Kuchokera apo, mwana wa ku Mangochi kapena ku Salima amakumana ndi mmwenye koyamba tsiku limene wabwera m'tauni kudzafuna ntchito, ataima pageti.

Tisaganize kuti chisokonezochi n'cha Chichewa chokha. Liwu la Chingerezi loti Indian lasochera kuposa lathu. Linachokera ku dzina la mtsinje wa Sindhu, umene Aperezi anautchula Hind, Aarabu n'kutcha dziko lonselo al-Hind, ndipo Agiriki anati Indos. Mtsinje umenewo, umene unapatsa India dzina, lero mbali yake yaikulu ili ku Pakistan. Mu 1492 Christopher Columbus anafika pa zilumba za ku Caribbean akuyesa kuti wafika kumaiko a kum'mawa, ndipo anthu amene anawapeza anawatcha Indios. Anthuwo anali ndi maina awo. Kumtunda kunali Anavajo, Acherokee, Amaya ndi mazana a mitundu ina, uliwonse ndi chinenero chake, koma onse anaphimbidwa ndi dzina la dziko limene sanalimvepo. Ku Canada lamulo la 1876 lotchedwa Indian Act likugwirabe ntchito, ngakhale kuti eni dzikowo masiku ano amafuna kutchedwa First Nations kapena ndi maina a mitundu yawo. Zilumba zija zinatchedwa West Indies, ndipo ukapolo utathetsedwa, Angerezi anatengera komweko antchito enieni a ku India kukalima nzimbe, ku Guyana kuyambira 1838 ndi ku Trinidad kuyambira 1845, moti panafunika kuwatcha East Indians kuti asiyane ndi ena aja. Kulakwitsa kwa woyendetsa chombo mmodzi kwakhala zaka zoposa 500, ndipo kunafika mpaka m'chinenero chathu, pakuti m'mabuku ena omasuliridwa m'Chichewa mumapezeka mawu oti Amwenye a ku America, kunena anthu amene sanakhalepo ndi sitolo ku Limbe kapena kuona mtsinje wa Sindhu.

Ululu wa kutchedwa dzina limene sunadzipatse ife timaudziwa bwino. Ndani mwa ife sanatchedwepo mchawa, ngakhale ali Mchewa wa ku Nkhotakota kapena Mlomwe amene analowa Chisilamu? Ndani sanamvepo ana akukuwa kuti anasala, mawu amene m'Chiarabu amanena Akhristu, koma kuno anatembenuzidwa n'kuponyedwa kwa ife? Abale athu amene anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe ankatchedwa mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale amene kwawo kunali ku Karonga, ndipo ana awo obadwira komweko anakhala zaka zambiri akuvutika kupeza unzika. Ku Joni lero amatiti makwerekwere. Tikamva zimenezi timakwiya, ndipo tili ndi chifukwa. Koma kuno ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, wogulitsa m'kagolosale aliyense wochokera ku Rwanda, ku Congo kapena ku Burundi tinkangoti m'burundi, ndipo mu 2023 pamene boma linawasamutsira ku Dzaleka, ambiri a ife tinazindikira kuti munthu amene anatikongoza shuga kwa zaka zisanu sitinkamudziwa dzina.

Nanga chipembedzo chathu chimati chiyani? Chisilamu sichinaletse kudziwa kumene munthu wachokera. M'Surat Al-Hujurat, ndime ya 13, Allah akutiphunzitsa kuti kusiyana kwa mitundu ndi mafuko kunaikidwa kuti anthu azidziwana, ndipo ulemerero wa munthu kwa Iye uli pa kumuopa. Pakati pa Maswahaba panali Salman al-Farisi wa ku Perisiya ndi Bilal al-Habashi wa ku Abisiniya, ndipo maina amenewa timawatchula mpaka lero ndi chikondi. Panalinso Suhayb al-Rumi, amene nkhani yake ikufanana ndi ya mwana wathu uja: anali Mwarabu pobadwa, anagwidwa ali wamng'ono n'kukulira pakati pa Aroma, ndipo dzina loti Mroma linamukanirira moyo wake wonse. Imam al-Bukhari timamudziwa ndi dzina la mzinda wa Bukhara. Akatswiri a Hadith anafika potchula mphunzitsi wina wamkulu, Sulayman ibn Mihran, kuti al-A'mash, kutanthauza wamaso ofooka, ndipo maulama monga Imam al-Nawawi analongosola kuti kutero n'kololedwa ngati cholinga ndi kumuzindikiritsa munthu amene amadziwika ndi dzinalo, popanda kumunyoza.

Koma m'sura yomweyo, ndime ziwiri zokha m'mbuyo, pa ndime ya 11, muli chiletso chomveka: okhulupirira asasekane, asanyozane, ndipo asaitanane ndi maina oipa. Ndipo tonse timaidziwa nkhani ya Abu Dharr, amene pokangana ndi munthu wina anamunyoza potchula mayi ake. Olongosola Hadith ena amati munthuyo anali Bilal. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anamuuza Abu Dharr kuti mwa iye munali mutatsalira khalidwe la nthawi ya umbuli. Onani kuti Abu Dharr sananame. Zimene ananena za chiyambi cha mnzakeyo zinali zoona. Tchimo linali pa ntchito imene anaigwiritsa choonadicho, kumutsitsa munthu ndi chinthu chimene sanasankhe.

Malire ake ndi amenewo, ndipo Chichewa chathu chimatithandiza kuwaona, chifukwa sichibisa mtima wa wolankhula. Munthu wosochera ku Limbe akafunsa njira, inu n'kumuuza kuti apite pa sitolo ya mmwenye ili moyang'anizana ndi depoti, mwamuzindikiritsa malo, ndipo mwini sitoloyo atamva sangadandaule. Ambiri a iwo polankhula Chichewa amadzitchula okha choncho. Koma mukangoika ka- kutsogolo n'kuti kamwenye, kapena chi- n'kuti chimwenye chija, mwasiya kuzindikiritsa. Mukati amwenye ndi otere, mwaweruza anthu zikwi zambiri amene simunawaone. Ndipo mukamadziwa dzina la munthu, monga ife tinkadziwira dzina la mwana uja, lolembedwa ndi dzanja lathu m'kaundula, koma n'kusankha kumutchula ndi khungu lake, simungabisale kumbuyo kwa chilolezo cha al-A'mash. Chilolezocho n'cha amene alibe njira ina yomudziwitsira munthu.

Tikudziwa kuti wina akuwerenga izi mtima ukuwira, ndipo akuti a Mwalimu akuyankhula chonchi chifukwa sanagwirepo ntchito kwa amwenye. Dandaulo limeneli sitilichepetsa. M'bandakucha uliwonse anthu amatsika wapansi kuchokera ku Bangwe, ku Machinjiri ndi ku Ndirande kupita m'masitolo a ku Limbe ndi m'mafakitale a ku Makata, ndipo ena a iwo amabwerera madzulo ndi nkhani zowawa: malipiro osafika pakati pa mwezi, kusechedwa pageti ngati mbava, bambo wa imvi kuitanidwa kuti boyi ndi mnyamata amene angakhale mdzukulu wake. Zina mwa izi zimachitika pakati pa Asilamu okhaokha, bwana ndi wantchito amene Lachisanu amaima phewa ndi phewa pamzere umodzi wa Swala, n'kutuluka mumzikiti wina osamudziwa mnzake. Ndipo nkhani ya ukwati ikabwera, ubale wa Chisilamu uja nthawi zambiri umathera pakhomo. Abale athu a ku Limbe amene angawerenge tsambali amve izinso: ndime ya 11 ija ikuwakhudza mofanana. Kuitana munthu amene wakutumikirani zaka khumi kuti iwe, osavutika kuphunzira dzina lake, ndi matenda omwewo.

Tiyeneranso kuvomereza chinthu china chochititsa manyazi, makamaka ife aphunzitsi. Mizikiti yambiri imene mumaswaliramo kunyanja, mijigo, madrasa, ngakhale kamalipiro kamene ena a ife timalandira pakutha pa mwezi, zinachokera m'manja mwa anthu omwewa. Choncho tinaphunzira kukhala ndi malilime awiri. Pamaso timati bwana kapena Haji, galimoto ikangokhota timati mmwenye uja. Ulemu woyambawo ndi wa mantha a kutaya thandizo, ndipo chipongwe chachiwiricho ndi kubwezera mantha omwewo. M'zonse ziwiri munthuyo sitinamuone.

Qur'an yolemekezeka imabwereza kangapo kuti munthu sadzasenza mtolo wa machimo a mnzake. Lamulo limeneli timalisunga bwino pakati pathu. Mmalawi wakuda akamana wantchito wake wa m'nyumba malipiro a miyezi itatu, ndipo alipo ambiri otero ku Chilomoni ndi ku Namiwawa, timatchula dzina lake, sitinena kuti Alomwe kapena Angoni ndi otere. Mlandu umakhala wa mtundu wonse pokhapokha wolakwayo akakhala wosafanana nafe. Ndipo chodabwitsa n'chakuti kutero kumateteza wolakwa weniweni. Bwana wankhanza amabisala m'gulu, pamene wachilungamo, amene amalipira pa nthawi yake ndi kupita kumaliro a antchito ake, amasenza nawo chitonzo mpaka kufika poona kuti chilungamo chake chilibe phindu. Kuofesi ya zantchito ndi kukhoti loona milandu ya apantchito safunsa mtundu. Amafuna dzina la bwanayo, dzina la kampani, masiku amene munagwira ndi ndalama zimene munalandira. Amene akufuna chilungamo ayenera kuphunzira kutchula zimenezo molimba mtima, ndipo ife a m'mizikiti tiyenera kuima naye ngakhale wodandaulidwayo atakhala amene anatigulira malata a madrasa.

Ena amafunsa ngati tiyenera kungowataya mawuwa. Sitikuona choncho. Chinenero sichisinthidwa ndi lamulo la m'magazini, ndipo mawu olowa m'malo mwake akhoza kudetsedwa mofanana pakangopita zaka zochepa, monga zinachitikira ku America kumene dzina la eni dziko lasinthidwa kangapo pamene mavuto awo akadalipo. Chimene tingathe ndi kuwabwezera pa ntchito yawo yochepa, ya kuzindikiritsa pamene palibe dzina lina, ndi kukumbukira kuti munthu wobadwira ku Blantyre, amene bambo ake anabadwira ku Blantyre, ndipo ali ndi chiphaso cha unzika chofanana ndi chathu, alibe kwina kumene tingamuuze kuti abwerere.

Masiku atatu Ramadhan isanayambe tinapita kunyumba kwa mwana uja. Mayi ake anatiyalira mkeka pakhonde, ndipo titapatsana salamu tinafotokoza chimene tabwerera. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "A Mwalimu, ku Makanjira amamuti mwana wa mmwenye. Kuno amamuti kamwenye. Abale a bambo ake sadziwa n'komwe kuti alipo. Ine ndinkati kumadrasa kokha n'kumene azikamva dzina limene ndinamupatsa." Sitinawabisire kuti nafenso tinali m'gulu la omutchula choncho, ndipo tinapempha chikhululuko kwa iwo ndi kwa mwanayo, amene ankamvetsera ali kuseri kwa chitseko.

Anabwerera kumadrasa Eid itadutsa. Tsiku limenelo tinaitana maina onse m'kaundula mokweza, limodzilimodzi, monga sitinachitirepo kwa nthawi yaitali. Anzake atatuluka, iye anatsalira, n'kutifunsa motsitsa mawu kuti akanakhala ku Pakistan anthu akumeneko akanamamutcha ndani. Tinamuyang'ana kwa kanthawi, kenako tinamuuza kuti atsegule pa Surat Al-Fajr, pamene analekezera.